Banki ikufuna $88,000 ya maloya ndi 5% ya wogulitsa, tikane bwanji?

Paralegal wa ku Dallas: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi vuto pano, abwana anga ndi trustee wa Chapter 7 (munthu amene amasankhidwa kuti agulitse katundu wa kampani yakugwa n'kulipira okongoza pa mlandu wa bankruptcy) ndipo andipatsa fayilo ya kampani ya matiraki yomwe inagwa. Kampaniyi inali ndi warehouse yomwe inali chikole ku banki, ngongole $1,000,000 ndi chiwongola dzanja cha $40,000 pamwamba pake. Banki inapempha khoti kuti lichotse automatic stay (chiletso choti okongoza asalande katundu mlandu wa bankruptcy ukangoyamba), jaji analola, ndiye anakaigulitsa pa okshoni ya Lachiwiri loyamba la mwezi monga amachitira kuno ku Texas, inapita pa $1,400,000. Tsopano pa $360,000 yotsalayo banki ikuti idule $88,000 ya maloya ake, komanso substitute trustee, munthu wa banki amene anayendetsa okshoni uja, akufuna 5% yake yomwe ili mu deed of trust (pepala la chikole), ndiye kuti $70,000. Invoisi ya maloyawo ndi mzere umodzi basi, palibe maola palibe tsiku. Loya wawo akuti poti stay inachotsedwa nkhaniyi ndi ya malamulo a Texas, khoti la bankruptcy lisalowererepo. Zoona zimenezi? Madalaivala oposa khumi sanalandire malipiro a miyezi yomaliza ndipo ndalama yawo ikuchokera pomwepa, mtima ukundiwawa

Loya wa ku Houston: Achemwali musaope, loya ameneyo akungokuyesani. Kawerengeni mlandu wa 804 Congress wa 2014 ku Fifth Circuit (khoti la apilu lomwe limaona milandu ya ku Texas), uli ngati anakopera fayilo yanuyo. Inali nyumba ya maofesi ku Austin, Wells Fargo inachotsetsa stay, nyumba inagulitsidwa pafupifupi $4.3 miliyoni, wogulitsa uja anafuna 5% yoposa $200,000. Jaji wa bankruptcy anaona maola amene munthuyo anagwiradi ntchito n'kumupatsa $7,500 yokha, ndipo za maloya a banki anazikana chifukwa panalibe mapepala osonyeza zomwe anachita. Apilu itafika ku Fifth Circuit anati ndime 506(b) ya lamulo la bankruptcy imagwirabe ntchito ngakhale stay yachotsedwa, chifukwa kuchotsa stay sikutanthauza kuti katunduyo watuluka mu estate, ndiye kuti chuma cha kampani yakugwa chomwe chili m'manja mwa trustee. Mukanakhala kuti munachita abandon, kutanthauza kumusiya katunduyo kuti atuluke mu estate, pansi pa ndime 554 bwenzi ili nkhani ina.

Paralegal wa ku Dallas: Ayi sitinachite abandon, ndaonanso order yake, ikungonena za stay basi

Loya wa ku Houston: Ndiye muli pabwino. 506(b) imati ngati chikole chikuposa ngongole, wokongoza atenge chiwongola dzanja komanso ma fee ndi zolipira zina zomwe zili mu mgwirizano kapena mu lamulo la state, koma zikhale zoyenera. Mawu akuti reasonable aja ndi amene akukupatsani mphamvu, ndipo amene ayenera kusonyeza kuti ndalamayo ndi yoyenera ndi banki, osati inu. Kuno nkhaniyi ndi yakale, Hudson Shipbuilders ya 1986 inanena kale kuti peresenti yolembedwa mu note simangirira jaji.

Akauntanti wa ku South Bend: Pepani ndifunse ngati mwana, ine si loya ndimangowerengera ndalama ma trustee. Ngati kampani inasaina yokha kuti 5%, ndi anthu akuluakulu a bizinesi, khoti likusokonezeranji pangano? Banki inakongoza podalira pepala limenelo

Loya wa ku Houston: Funso labwino akulu. Amene anasaina uja salinso pa tebulo, kampani yafa. Dola iliyonse imene ipite kwa wogulitsa ikuchoka m'thumba la dalaivala ndi wogulitsa matayala amene sanasaine kalikonse. Nchifukwa chake khoti limayang'ana. Kunja kwa bankruptcy zikanakhala za awiriwo.

Mayi loya wa ku Atlanta: Ndilowepo pang'ono ana anga, chifukwa mukusangalala msanga. Kudula pa 506(b) sikutanthauza kuti ndalamayo yafa. Kuno ku Eleventh Circuit tili ndi Welzel ya 2001, oweruza onse anakhala pamodzi n'kunena kuti gawo loyenera limalipidwa ngati secured (ngongole ya chikole), gawo lopitirira likhoza kubwereranso ngati unsecured claim (ngongole yopanda chikole) pansi pa ndime 502 ngati lamulo la state likulola. Ngakhale mu 804 Congress momwemo nkhani ya 502 sanaitseke, anaibweza kumunsi kuti akaione. Ndiye mwana wanga wa ku Dallas, mukamalemba objection musalembe za 506(b) zokha, ikanimo ndime yosunga ufulu wokana pa 502, ndipo muone ngati banki inapereka proof of claim (pepala losonyeza ngongole yake ku khoti) nthawi yake isanathe. Ndaona anthu akupambana Lolemba, patapita mwezi $60,000 yomwe anadula yabwera pakhomo lakuseri n'kudzagawana ndi anthu wamba. Ubwino wake madalaivala anuwo ali ndi priority (ufulu wolipidwa patsogolo) ya malipiro pa 507(a)(4), koma ili ndi malire a ndalama komanso ndi ya masiku 180 okha fayilo isanalowe kapena bizinesi isanatseke, muwerengere aliyense payekha

Paralegal wa ku Dallas: Zikomo mayi, ndalemba. Nanga chiwongola dzanja, aika default rate (chiwongola dzanja chokwera cha amene walephera kulipira) kuyambira tsiku lomwe kampani inasiya kulipira. Tilimbane nachonso?

Loya wa ku Houston: Ine ndingati musataye mphamvu pamenepo pokhapokha kusiyana kwake kuli kwakukulu zedi. Southland ya 1998 inalola default rate, ndipo majaji ambiri amayambira pa zomwe zili mu mgwirizano, inuyo ndi amene muyenera kusonyeza kuti ndi chilango chabe. Ngati angowonjezera 2% zisiyeni. Koma onani ngati akulipiritsa late fee pamwamba pa default rate pa nthawi imodzimodziyo, kumeneko ndi kudya kawiri ndipo makhoti ambiri salola. Limbanani ndi $158,000 ija, ndi pomwe pali nyama.

Paralegal wa ku Dallas: Chabwino. Mbali yachiwiri tsopano, imene ikundisowetsa tulo, ndi komishoni ya abwana anga pa 326(a). Matiraki tinagulitsa tokha pa okshoni $300,000, ndalama inalowa mu akaunti ya estate, tinalipira $210,000 kwa kampani yomwe inakongoza matirakiwo. Pali mnzathu mu ofesi akuti tiwerengere komishoni pa zonse, $1,400,000 ya warehouse ndi $300,000, poti lamulo limati kuphatikizapo eni secured claim. Ine zikundikayikitsa

Akauntanti wa ku South Bend: Apa ndiye munda wanga. Makwerero ake ndi 25% pa $5,000 yoyamba, 10% mpaka $50,000, 5% mpaka miliyoni, kenako 3% pamwamba pake. Pa $1,700,000 ikutuluka $74,250. Mukawerengera zomwe zadutsadi m'manja mwa trustee, tinene kuti khoti ladula ma fee ndipo estate yalandira $330,000 ya warehouse, kuphatikiza $300,000 ya matiraki ndi $630,000, komishoni ikutuluka $34,750. Kusiyana kwake pafupifupi $40,000, ndiye ndikumvetsa chifukwa chake mnzanuyo akulakalaka nambala yoyambayo

Mayi loya wa ku Atlanta: Alakelake koma asayerekeze. Lamulo likunena ndalama imene trustee wapereka kapena wagawa iye mwini. Ya warehouse ija abwana anu sanaigwire, sanasake wogula, sanasaine pa closing, inachoka kwa wogula kupita kwa banki kudzera mwa munthu wa banki. $210,000 ya matiraki iwerengeni yonse popanda mantha, imeneyo ndiye tanthauzo la mawu akuti kuphatikizapo eni secured claim. Makhoti akhala akuuma mtima pa mawu akuti ndalama, kwanu komweko mlandu wa England wa 1998 unati katundu woperekedwa kwa okongoza sawerengedwa, Lan Associates ku Third Circuit 1999 ndi Hokulani Square ku Ninth Circuit 2015 onse anakana kuwerengera credit bid (wokongoza kugula chikole pogwiritsa ntchito ngongole yake m'malo mwa ndalama) ngakhale trustee anavutika nayo ntchito. Ngati anakana pomwe trustee anagulitsa yekha, nanga pomwe anangoonerera? Komanso ofesi ya US Trustee, ya boma yoyang'anira ma trustee, imawerenga final report iliyonse, ndipo dzina la abwana anu pa panel (mndandanda wa ma trustee ovomerezeka) ndi lofunika kuposa $40,000. Taganizaninso momwe zingaonekere pamaso pa jaji, m'mawa mukunena kuti 5% ya wogulitsa ndi yosayenera chifukwa sanagwire ntchito, masana mukupempha peresenti pa nyumba yomweyo imene inunso simunaigwire

Loya wa ku Houston: Mayi anena zonse. Chotonthoza chake nchakuti pa $34,750 ija simudzavutika kwambiri, kuyambira 2005 lamulo la 330(a)(7) limati malipiro a trustee wa Chapter 7 atengedwe ngati komishoni, ndipo JFK Capital ya 2018 inati peresenti ya 326(a) iperekedwe pokhapokha pali chifukwa chachilendo. Komabe sungani maola, majaji ena amafunabe kuona.

Akauntanti wa ku South Bend: Ndifunseko, warehouse isanagulitsidwe ndani amalipira inshuwalansi ndi alonda?

Paralegal wa ku Dallas: Ife, kwa miyezi inayi, ndi magetsi omwe

Loya wa ku Houston: Imeneyo ndi 506(c), ndalama yosamalira chikole mutha kuitenga pa chikolecho, ndipo Supreme Court mu Hartford Underwriters 2000 inati ndi trustee yekha angapemphe. Domistyle ya 2015 inalola zoterezi kuno. Koma kwa inu sindikuona phindu lake panopa, banki ikulipidwa yonse ndipo chenji ikubwera ku estate, ndiye mungakhale mukuchotsa thumba lamanja kuika lamanzere. Zikanathandiza nyumbayo ikanagulidwa pansi pa ngongole. Ngati pali second lien (wokongoza wachiwiri pa chikole chomwecho) imene simunatiuze ndiye ibwereni nayo, chifukwa pamenepo surcharge ya 506(c) ija ikhala ndi ntchito.

Paralegal wa ku Dallas: Pali lien ya msonkho wa county yokha, yaing'ono

Mayi loya wa ku Atlanta: Imeneyo ikhala patsogolo ndipo itenga chiwongola dzanja chake, Ron Pair ya 1989 inathetsa mkangano umenewo, musalimbane nayo. Funsani chabe ngati inalipidwa kale pa okshoni kapena wogula anaitenga pamodzi ndi nyumba. Chinthu choyamba mawa, tumizani kalata kwa substitute trustee kuti asagawe ngakhale senti ya $360,000, ndipo pemphani khoti kuti ndalamayo isungidwe ku registry mpaka jaji atagamula. Ikangolowa mu akaunti ya maloya a banki kuibweza ndi ntchito ya chaka. Kenako pemphani ma time record enieni, tsiku ndi tsiku, ndani anachita chiyani. Ndipo musapite ndi mtima woti alandire ziro, motion ya stay anailembadi, notice anatumizadi, ntchito imeneyo ilipidwe. Mukalowa mukunena nambala yanu yoyenera jaji amakumverani.

Paralegal wa ku Dallas: Ndathokoza nonse. Kalata ndiyamba usiku uno kuti abwana asaine m'mawa, komishoni ndiwerengera pa ndalama yodutsa mu akaunti yathu yokha. Achimwene a ku Houston ngati muli ndi chitsanzo cha objection ya 506(b) chomwe munagwiritsapo ntchito ku Northern District nditumizireni ku inbox, mufufute mayina

Loya wa ku Houston: Yanga ndi ya Southern District, ndikutumizirani ndikafika kunyumba, koma muyang'ane local rules zanu pa masiku a notice chifukwa zimasiyana