Kukopa anthu pamsewu kapena kulipira Google: tiyambire pati?

Wokonza mafoni, Limbe:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Shopu yokonza mafoni ku Limbe ikufuna kudziwika. Pali ganizo loti anyamata awiri avale makatoni opentedwa ngati foni yosweka galasi, aziyendayenda pa Ginnery Corner ndi ku Chichiri Loweruka m'mawa. Ena akuti ndalamayo ingopita ku Google Ads, njira yolipira Google kuti malonda azioneka anthu akamafufuza. Chanzeru n'chiti?

Wa zikwangwani, Ndirande:
Achimwene, zonse ziwiri zimagwira, koma chofunika n'choti chiyambe n'chiti. Munthu ali mu minibasi akaona foni yoyenda ndi miyendo amaseka, mwina n'kujambula, koma nambala yanu sangailoweze. Chimatsala m'mutu ndi dzina basi. Tsiku lomwe foni yake yagwa pansi, amalemba dzinalo pa Google, ndipo akakusowani amapita kwa amene watulukira pamwamba. Mwatsatsira mnzanu malonda ndi ndalama zanu.

Ndiye yambani ndi Google Business Profile, tsamba loonetsa bizinesi yanu pa Google ndi pa mapu ake; ndi laulere. Ikanipo dzina lenileni lomwe lili pachikwangwani, malo pa mapu, nthawi yotsegula, nambala ya foni ndi chithunzi cha pakhomo pa shopu, chifukwa ku Limbe mashopu ndi othithikana ndipo munthu amazindikira khomo, osati adiresi. Google imafuna kutsimikiza kuti bizinesiyo ilipodi, nthawi zina kudzera pa kanema wa malowo, ndipo izi zimadya masiku. Chitani kudakali masabata awiri anyamata asanatuluke. Pa katonipo lembani dzina ndi mawu oti Limbe, zilembo zikuluzikulu, mawu osaposa asanu.

Mayi wa zotsatsa pa intaneti:
Ndikugwirizana nawo bambowa, ndingowonjezera za Google Ads, chifukwa ndalama zimathera pa zinthu zitatu.

Choyamba ndi dera. Sankhani Blantyre, kenako lowani pa zosankha za malo musinthe kukhala Presence yokha, kutanthauza anthu amene ali m'deralo kapena amapezekamo kawirikawiri. Mukasiya momwe zimabwerera, malonda anu amaonekeranso kwa munthu ali ku Johannesburg amene wangoonetsa chidwi ndi Blantyre, ndipo akadina mwalipira.

Chachiwiri ndi mawu ofufuzira. Ambiri kuno amafufuza m'Chingerezi, monga "phone repair Limbe" kapena "screen replacement Blantyre". Aikeni ngati phrase match kapena exact match, zosankha zomwe zimaonetsa malonda kwa okhawo amene afufuza mawuwo kapena ofanana nawo tanthauzo. Broad match, yomwe imatenga chilichonse chokhudzana ndi mawuwo, imakoka zinyalala: ofuna ntchito, ofuna maphunziro, ofuna zaulere. Mawu ngati free, jobs ndi course aikeni pa negative keywords (mawu oletsa malonda anu kuoneka) tsiku loyamba lomwe, ndipo sabata iliyonse muziwerenga search terms kuti muone zomwe anthu analembadi. Apa ndi pomwe ambiri amachita ulesi, n'kumadabwa kuti ndalama yatha koma foni sinalire.

Chachitatu ndi bajeti. Google ikhoza kudya mpaka kuwirikiza kawiri ndalama yomwe mwaika ya tsiku limodzi, ngakhale pamwezi sipyola ndalama ya tsiku kuchulukitsa ndi 30.4. Musadzidzimuke nazo. Mutu wa malonda umalola zilembo 30, mawu ofotokozera 90, choncho tchulani ntchito ndi malo, kudzitamandira kusiyeni. Kulipira kumafuna khadi la ku banki lololedwa kugula kunja. Funsani banki yanu kaye, chifukwa khadi likakanidwa malonda amaima pomwepo.

Wa zisudzo za malonda, Zingwangwa:
Za pamsewuzo musaiwale chilolezo. Pitani ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre mukafunse musanatulutse anyamata, ndipo asaime pakati pa msewu wa Masauko Chipembere; ayende m'mbali, pafupi ndi pokwerera minibasi pomwe anthu amaima. Katoni ibooleni pa maso ndi m'mbali kuti munthu aziona galimoto komanso azipuma, ndipo azisinthana pakatha mphindi 30, makamaka dzuwa la Okutobala. Nyengo ya mvula katoni imafewa n'kugwa, ndiye ikuteni ndi pulasitiki yoonekera.

Kuti mudziwe chomwe chabweretsa kasitomala, lembani pa katonipo kuti wonena mawu oti "foni yoyenda" achotseredwa pang'ono pa mtengo. Pa kauntala pakhale kope la mizere iwiri, wina wa obwera ndi mawuwo, wina wa onena kuti akupezani pa Google, ndipo muwerengetse pakatha mwezi.