Ndikufuna kupita kunja kukalalikira kwa anthu amene sanamvepo za Yesu, koma kunyumba akukana

Membala wosatchula dzina: Moni nonse abale ndi alongo. Ndabisa dzina chifukwa akulu ampingo athu ena ali pagulu lino. Ndine bambo wa zaka 34, ndimakhala ku Area 36 ndi mkazi wanga ndi ana awiri. Kuyambira chaka chatha mtima wanga sukupuma ndikaganizira mitundu ya anthu imene ilibe mpingo kapena Baibulo m'chiyankhulo chawo, ndipo tsopano mwayi wopita wapezeka. Vuto ndi lakuti mayi akunyumba akukana, ndipo apongozi anga awauza kuti ndikanyamuka abwerere kumudzi ku Mitundu. Alamu anga, amene ndinawabwereka ndalama za feteleza osandibwezera mpaka lero, ndi amene akulankhula kwambiri kuti ndikuthawa udindo. Kumpingo nakonso anandichotsa pa mpando wa achinyamata popanda kundifotokozera, ndipo eni nyumba akweza lendi. Kodi ndigulitse minibasi yanga kuti ndipeze ndalama zimene akufuna, kapena ndidikire?

Mayi wa ku Area 18: Achimwene, simunatiuze dziko limene mukupita, ndiponso amene akufuna ndalamazo ndi ndani. Mchimwene wanga anagulitsa puloti yake atalonjezedwa pa WhatsApp kuti akatumikira kunja, ndipo atangotumiza ndalama za visa nambala ija inasiya kupezeka. Mpaka pano akukhala m'nyumba mwanga ndi ana ake anayi.

Mkulu wampingo wa ku Nkhoma: Ine ndikudabwa ndi anthu amene mukuthamangira kumuopseza mwana wa Mulungu. Kodi mwaiwala mmene Uthenga unatifikira ife? William Koyi anachoka ku Lovedale ku South Africa mu 1876, anakakhala pakati pa Angoni a M'mbelwa pamene ena onse ankawaopa, ndipo anamwalira komweko mu 1886. Amishonale a Murray ndi a Vlok anafika pa Mvera mu 1889 osadziwa kuti mawa adya chiyani. Ngakhale David Kaunda, bambo wake wa Kenneth Kaunda, anali mwana wa dziko lino amene mishoni ya Livingstonia inamutumiza kukagwira ntchito kwa Abemba ku Chinsali ku Zambia. Ife Amalawi tinazolowera kulandira, kutumiza timakuyesa ntchito ya azungu. Bambo inu pitani, Mulungu adzasamala banja lanu.

Namwino wa ku Kawale: Musanagulitse chilichonse, onani ngati pasipoti yanu ili ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi isanathe, ndipo mufunse za katemera wa yellow fever chifukwa mayiko ambiri a kumadzulo ndi pakati pa Africa salola munthu kulowa wopanda khadi lake. Koma ndi dziko liti?

Mphunzitsi wa ku Area 25: Akuluampingo, onse amene mwawatchulawo anatumidwa ndi mpingo umene unkawadziwa ndi kuwasamala, sanangodzuka okha. Ngakhale Paulo ndi Barnaba, pa Machitidwe 13, anasanjikidwa manja ndi mpingo wa ku Antiokeya asananyamuke. Bambowa akukangana ndi akulu ampingo awo, ndiye adzawatuma ndani? Ndiponso n'chifukwa chiyani tikuyang'ana kutali pamene ku Mangochi ndi ku Machinga kuli midzi yambiri imene munthu angafikeko ndi basi tsiku limodzi?

Mkulu wampingo wa ku Nkhoma: Aphunzitsi, mawu amenewo ndi amene atichedwetsa zaka zonsezi. Ku Mangochi kuli mipingo, kuli wailesi, ndipo munthu wofuna kumva angathe kumva. Tikunena za anthu ngati Amwani a m'mphepete mwa nyanja ku Cabo Delgado ku Mozambique, kapena mitundu ya ku Chad ndi ku Niger, kumene munthu angabadwe mpaka kukalamba osakumana ndi Mkhristu wolankhula chiyankhulo chake. Yesu anati mitundu yonse, sanati maboma oyandikana nawo okha.

Mphunzitsi wa ku Area 25: Ku Cabo Delgado komwe mukutchulako kuli nkhondo kuyambira 2017, ndipo mu 2021 zigawenga zinalowa m'tawuni ya Palma. Kodi munthu wa ana awiri timukankhire kumeneko ndi mawu olimbikitsa okha? Kumbukiraninso John Chau wa ku America, amene anaphedwa pa chilumba cha North Sentinel mu 2018 atapita yekha kumalo amene boma la India limaletsa.

Mayi wa ku Chinsapo: Nonsenu mukukangana za mayiko, koma palibe amene akulankhula za mayi uja ndi ana. Amuna anga anapita ku Johannesburg akuti kwa miyezi itatu, ndipo fizi ya ana ndakhala ndikulipira ndekha ndi geni ya mandasi kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo, ngati akazi anu sanavomere ndi mtima wonse, maitanidwewo sanakhwime. Minibasi imeneyo ndiyo ikudyetsa ana anu.

Mbusa wopuma: Mwana wanga, pita kwa abusa ako mukathetse nkhani ya mpando ija poyamba. Kenako ufunse bungwe limene likukuitana kuti likupatse kalata, adiresi ya ofesi yawo kuno ku Malawi, ndi dzina la mbusa mmodzi amene akuwadziwa. Bungwe loona limayamba lakuphunzitsa chiyankhulo ndi chikhalidwe cha anthuwo, ndipo limafuna kukumana ndi mkazi wako.

Mkulu wampingo wa ku Nkhoma: Abusa, ndi ulemu wonse, makalata ndi misonkhano sizinapulumutsepo munthu.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse chifukwa cha malangizo. Alamu anga aja abweranso madzulo ano ndipo andinyoza pamaso pa ana. Pali munthu amene akufuna minibasi Loweruka lino.

Mayi wa ku Area 18: Achimwene, ndikufunsanso kachiwiri: ndi dziko liti, ndipo ndalamazo mukupereka kwa ndani?