Za viza ya ulendo wa pa Danube zija, nazi momwe zathera

Abale, paja ndinafunsa ngati ulendo wa pa sitima ya mumtsinje wa Danube umafunika viza ya dziko lililonse kapena imodzi basi, ndiye ndabweranso kudzakuuzani.

Viza ndi imodzi, ya Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya omwe mumalowa ndi viza imodzi), chifukwa sitima yathuyi ikunyamukira ku Budapest kudutsa Bratislava ndi Vienna mpaka ku Passau, kutanthauza Hungary, Slovakia, Austria ndi Germany, onsewo ali mu Schengen. Koma simungosankha embase yomwe yakusangalatsani ayi, mumapita ya dziko lomwe mukakhalemo masiku ambiri, masiku akafanana ndiye ya dziko lomwe muyambire kulowa. Ife tinapita ya Hungary poti tikagona kaye ku Budapest tisanakwere. Inshuwalansi ya chipatala amafuna yosachepera 30,000 euro, musaiwale.

Amene mukufuna kutsetsereka cholowera ku Black Sea samalani, njirayo imadutsa ku Serbia komwe si Schengen, ndiye funsitsani za viza yolowera kangapo.

Amene munandichenjeza za madzi kuchepa munanena zoona ndithu, mu 2018 madzi anatsika moti makampani ena ankasamutsa anthu pa basi, munthu walipira za sitima kenako nkumakhalira basi eti! Nchifukwa chake tasankha Meyi osati Ogasiti, ngakhale nthawi imeneyonso madzi akachuluka sitima imakanika kudutsa pansi pa milatho.

Ndalama ku Hungary ndi forint, kwinaku ndi euro. Chipinda cha mu sitima tatenga cha pakati, chapansi ndi chotchipa koma zenera lake silitseguka, ine sindingathe.