Ramones pa siteji: ndi tepi ikuthamanga kapena ndi mmene ankaimbira?

Chingwe6

Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi zojambula zitatu za Ramones, gulu loimba la ku America, akuimba pamaso pa anthu: It's Alive, Loco Live, ndi ina yochokera pa kaseti yolembedwa kuti ndi ya ku England mu Disembala 1977. Nyimbo imodzimodzi ikutha pa nthawi zosiyana pa zitatuzi. Pa Loco Live ikungodutsa ngati mphezi, ndipo pa kaseti ija mawu a woimba wawo Joey akumveka oonda. Ndingadziwe bwanji yomwe yalakwika liwiro? Chachiwiri, nditadula nyimbozi kukhala ma MP3, pakati pa nyimbo pakumveka kabata kakang'ono kamene kakudula kuwerenga kwa Dee Dee, woimba besi amene ankakuwa wani mpaka folo poyambitsa nyimbo. Kakuchokera kuti?

MkuluWaMikisa

Achimwene, Loco Live musaikhudze, ili bwinobwino. Inajambulidwa ku Barcelona mu Malichi 1991, pa ng'oma pali Marky, pa besi pali C.J. poti Dee Dee anali atachoka mu 1989. Pofika zaka zimenezo gululi linkaimba mothamanga kwambiri kuposa kale, mpaka Joey ankameza mawu ena kuti apezane ndi ng'oma. It's Alive ndi ya usiku wa pa 31 Disembala 1977 ku Rainbow Theatre ku London, Tommy akadali pa ng'oma, ndipo nyimbo 28 zimakwana m'mphindi pafupifupi 54. Ndiye kusiyana kwa zimbale ziwirizi ndi kwa manja a oimba.

Ya kaseti ndiyo yokayikitsa. Musayeze ndi wotchi, chifukwa woimba ng'oma akhoza kufulumira usiku wina. Yezani kukwera kwa mawu. Gulu likathamanga lokha, kiyi sisintha. Tepi ikathamanga, zonse zimakwera pamodzi: gitala, besi, mawu a woimba, ngakhale kukuwa kwa anthu. Kuthamanga kwa 6 peresenti kumakweza nyimbo ndi fireti imodzi yathunthu ya pa gitala.

Chitani motere. Chunani gitala yanu mwa nthawi zonse, A pa 440 Hz. Imbani motsatira nyimbo ya pa It's Alive mpaka mugwirizane nayo, kenako ikani nyimbo yomweyo ya pa kaseti zala zili pomwepo. Ngati mukufunika kusuntha theka la fireti kapena fireti yonse kuti zigwirizane, tepi ndiyo yathamanga. Yesani nyimbo zitatu, ya koyambirira, ya pakati ndi ya kumapeto. Ambiri ojambula mobisa ankagwiritsa ntchito makina a mabatire. Mabatire akamatha mota imazungulira pang'onopang'ono, ndiye poiseweranso tepiyo pa liwiro loyenera la 4.76 cm pa sekondi, nyimbo zakumapeto zimakwera kuposa zoyambirira. Zikatero simungakonze fayilo yonse ndi nambala imodzi, muyenera kuigawa zigawo.

Spek_50

Kuwonjezera pa zimene anena akuluwa, pali njira ina yosadalira khutu. Ma amp (makina okuza mawu) a pa siteji amang'ung'uza motsatira magetsi. Ku Britain magetsi amayenda pa 50 Hz, ku America pa 60 Hz. Mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu, sankhani kachigawo kamene gulu silikuimba, ngakhale masekondi awiri, mutsegule Plot Spectrum, muike Size pa nambala yaikulu, osachepera 16384, kuti mzere uoneke bwino. Mukapeza nsonga pa 52 Hz pa konsati ya ku England, gawani 50 ndi 52. Mupeza 0.9615, ndiye kuti muchepetse liwiro ndi 3.85 peresenti. Nthawi zambiri 100 Hz kapena 150 Hz imaoneka bwino kuposa 50 yeniyeniyo chifukwa timamaikolofoni tating'ono sitigwira mawu otsika, koma masamu ake ndi omwewo.

Chenjerani pa chinthu chimodzi. Ngati amene anasamutsa kasetiyo kupita pa kompyuta anali ndi chingwe choipa, kung'ung'uzako kunalowa tsiku losamutsalo ndipo kudzakhala ndendende pa 50 kapena 60 ngakhale tepi ikuthamanga. Mukaona nsonga ziwiri zoyandikana, yosakhala pamalo pake ndiyo ya pa siteji.

Pokonza gwiritsani Change Speed (mu Audacity yatsopano imatchedwa Change Speed and Pitch), imene imasintha liwiro ndi kiyi nthawi imodzi monga mmene tepi inalakwira. Change Tempo ndi Change Pitch zimakonza mbali imodzi yokha, ndipo zimaphwanya kulira kwa mbale za ng'oma.

Komanso onani kaye tsiku la kaseti yanuyo. Makonsati anayi otsatizana a ulendo wa gululi ku England mu Disembala 1977 anajambulidwa ndi makina abwino: Birmingham pa 28, Stoke-on-Trent pa 29, Aylesbury pa 30 ndi London pa 31. Onse anayi anatuluka mu 2019 pokumbukira zaka 40 za It's Alive. Ngati yanu ndi imodzi mwa amenewa, musavutike nayo.

MayiWaZimbale

Za kabata kaja, cholakwa ndi MP3. Pulogalamu yopanga MP3 imaika kachidutswa kopanda mawu kumayambiriro ndi kumapeto kwa fayilo iliyonse. Pa nyimbo za mu situdiyo simungakamve. Koma Ramones sankapuma pakati pa nyimbo: gitala ya Johnny isanazizire, Dee Dee wakuwa kale mpaka folo ndipo ina yayamba. Kabata ka gawo laling'ono la sekondi kamagwera pa kuwerengako.

Bwererani ku fayilo yaitali ya WAV, mukonze liwiro kaye, kudula kubwere pambuyo. Ikani chizindikiro chodulira kuwerenga kusanayambe, kuti kukhale mbali ya nyimbo imene ikubwera. Ngati mudzawotchere pa CD, dulani pa malire a CDDA frames, amene Audacity ili nawo pa kabokosi ka nthawi. Frame imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 75 a sekondi, ma sample 588, ndipo mukadula pakati pake pulogalamu yowotchera imadzaza kotsalako ndi ziro, n'kumveka kuti thi! Musaiwale kuchotsa masekondi awiri amene mapulogalamu ambiri amaika okha pakati pa nyimbo. Sungani mu FLAC. Ola limodzi la WAV limadya malo opitirira 600 MB, FLAC imachepetsako ndithu osataya kanthu.

Ine sindigwirizana ndi oti kaseti yotere ndi yachabechabe poti zimbale zabwino zilipo. Marky ananenapo kuti mbali zina za It's Alive zinaimbidwanso mu situdiyo. Pa tepi yojambulidwa pakati pa anthu palibe anabwererapo, nyimbo ikaphonyeka imamveka yophonyeka. Choncho musaisefe ndi Noise Reduction, chifukwa gitala ya Mosrite yodutsa mu Marshall imafanana kwambiri ndi kufwetha kwa tepi, ndipo sefayo imadya zonse ziwiri.

Chingwe6

Zikomo nonse. Nsonga ndaipeza pa 103 Hz koyambirira ndi 105 Hz kumapeto. Ndiigawa zigawo monga mwanenera.