Ndapereka notisi, a ejenti akufuna azilowa ndi anthu odzaona nyumba: lamulo la ku England likuti bwanji?

NaZimba

Moni nonse. Ndikuchita lendi fulati ya chipinda chimodzi kuno ku England. Ndinapereka notisi yotuluka, ndipo kwatsala milungu isanu. Chiperekereni notisiyo, a ejenti oyang'anira nyumbayi akumanditumizira uthenga madzulo kuti mawa lake abwera ndi anthu odzaona nyumba. Sabata ino yokha atero katatu. Ine ndimagwira ntchito usiku, masana ndiye nthawi yanga yogona. Nditadandaula anati bola andidziwitsa kutatsala maola 24, ali ndi ufulu wolowa ndi kiyi wawo, ndivomere ndisavomere. Mu kontirakiti mulidi ndime yoti ndizilola anthu kudzaona nyumba m'masiku 28 omaliza. Kodi nzoona zimene akunenazi? Ndikakana andidula dipoziti?

aMbewe

Pepani nazo mayi. A ejentiwo akusakaniza nkhani ziwiri, kaya mwadala kaya mosadziwa.

Maola 24 akunenawo amachokera mu Landlord and Tenant Act 1985, gawo 11. Pamenepo lamulo likuti mwini nyumba, kapena amene wam'patsa chilolezo cholemba, angalowe pa nthawi yoyenera ya tsiku kudzaona mmene nyumba ilili ndi zofunika kukonza, atakulemberani kutatsala maola 24. Mutu wake ndi kukonza basi: denga lodontha, boila, mapaipi, mawaya a magetsi. Housing Act 1988, gawo 16, nayonso imakuuzani kuti mutsegule khomo akabwera kudzakonza. Zoonetsa nyumba kwa munthu wofuna kulowamo kapena kuigula mulibe m'malamulo awiriwa. Mphamvu yake yonse imachokera m'kontirakiti imene munasainira.

Ndiye werengani bwino ndime yanuyo. Mwati ikunena masiku 28 omaliza, pamene inu kwatsala milungu isanu, omwe ndi masiku 35. Ndiye kuti sabata ino ndimeyo sinayambe n'komwe kugwira ntchito. Katatu konse kaja analibe choimirapo.

Ikayamba kugwira ntchito, tanthauzo lake ndi lakuti inu munalonjeza kulola. Silikutanthauza kuti iwo azitsegula okha mutakana. Lendi iliyonse imabwera ndi ufulu umene a zamalamulo amautcha quiet enjoyment: nyumbayo ndi pakhomo panu, ndipo amene alowe mumasankha ndinu, ngakhale ndimeyo isalembedwe paliponse. Kupereka notisi sikuchepetsa ufulu umenewu ngakhale pang'ono. Mukulipira lendi yonse, ndinu tenanti wathunthu mpaka tsiku lomaliza. Mukanena kuti lero ayi iwo n'kulowabe, alowa mopanda chilolezo. Akamabwerezabwereza, nkhaniyo imayandikira ku Protection from Eviction Act 1977, yomwe imati kusowetsa mtendere munthu wokhala m'nyumba ndi cholinga choti atuluke kapena asiye kugwiritsa ntchito ufulu wake ndi mlandu.

Njira yokhayo yokukakamizirani kutsegula ndi kupita kukhoti kukatenga chilolezo, ndipo ndi milungu isanu yotsalayi palibe landilodi wanzeru angataye ndalama zake pa zimenezo.

Zolowa osakufunsani zimaloledwa pa ngozi yeniyeni: moto, fungo la gasi, madzi akusefukira mpaka kwa anthu a m'nyumba yapansi.

Chisale

Zalamulo anena aMbewe ndi zoona, koma achemwali musazitenge ngati chikwanje n'kutseka khomo mwezi wonse. Ndime ija munaisainira. Mukakaniratu m'masiku 28 aja mwaphwanya kontirakiti, ndipo landilodi atha kunena kuti nyumba yakhala yopanda munthu chifukwa cha inu. Kuti apambane n'kovuta, chifukwa ayenera kuonetsa kuti ndalama watayazo n'chifukwa cha kukana kwanuko osati china. Komabe pali zina zimene sizidutsa kukhoti: kumene mukupitako akafunsa mbiri yanu, amene adzayankhe ndi a ejenti omwewa, ndipo tsiku lotuluka wodzayendera nyumba ndi mndandanda wa katundu amatumidwa ndi iwowo. Munthu amene mwakangana naye amaona kadontho kalikonse pa kapeti.

Chothandiza ndi kuti ndondomeko muikonze ndinu, mwa imelo, osati pafoni. Mulembe kuti mwaona ndime ya masiku 28 ndipo mudzaitsata kuyambira tsiku lakuti. Mutchule nthawi ziwiri pa sabata zimene zikukuyenerani, mwachitsanzo Lachitatu 5 koloko mpaka 6 koloko madzulo, ndi Loweruka ola limodzi m'mawa, kuti anthu onse awasonkhanitse m'nthawi zimenezo. Munthu mmodzi kuona fulati yaing'ono satha mphindi 15, ndiye ola limodzi n'lokwana anthu atatu kapena anayi. Muonjezere kuti ulendo uliwonse azikulemberani kutatsala maola 24 n'kudikira yankho lanu, kuti wa ku ofesi kwawo azibwera nawo yekha alendowo osati kungowapatsa kiyi, ndi kuti simukuvomera aliyense kulowa inu kulibe. Nenaninso chifukwa chake, kuti mumagwira ntchito usiku. Nkhani ikadzafika kwa wina woweruza, imelo yotere imaonetsa kuti inu simunakane, munangoika malire omveka.

Chiganizo chimodzi chisasowe: kukhala chete kwanga si kuvomera. Maofesi ambiri amalemba uthenga woti tikapanda kumva kanthu tibwera, ndipo munthu wogona masana amauona anthu ali kale pakhomo.

Za kulowa inu kulibe, chifukwa chokanira si manyazi okha. Inshuwalansi zambiri za katundu wa m'nyumba sizilipira chinthu chikabedwa popanda chizindikiro choti wina anathyola. Laputopu ikasowa pa nthawi yoonetsa nyumba, mudzavutika kupeza wokubwezerani. Pasipoti, makalata a kubanki ndi mankhwala muzibisa ngakhale mulipo.

Simukakamizidwa kuchoka panyumba iwo akabwera, kapena kukolopa ngati kukubwera apongozi. Ndipo wodzaonayo akakufunsani ngati makoma amachita nkhungu, muyankheni zoona.

NaZimba

Zikomo kwambiri nonse, za masiku 28 sindinaziganizire. Imelo ndilemba usiku uno. Nanga akapitiriza kulowabe? Mnzanga wina akuti ndisinthe loko. Komanso akuti akufuna kudzajambula zithunzi zoika pa intaneti, katundu wanga ali momwemo.

NaJere

Za loko, yambani mwaona kontirakiti. Ngati siikuletsa, mutha kusintha. Ngati ikuletsa, kusintha n'kuphwanya ndime, ngakhale kuti mukadzabwezeretsa zonse mmene zinalili landilodi amakhala alibe chimene wataya choti akulipiritseni. Musachotse loko yense, sinthani kapakati kolowa kiyi kokha. Pa zitseko za pulasitiki zija kamatchedwa euro cylinder ndipo kamagwiridwa ndi sikuluwu imodzi yaitali ya m'mbali mwa chitseko. Masulani sikuluwuyo, lowetsani kiyi, m'potozeni pang'ono, kapakatiko kamatuluka. Muyese kutalika kwake mbali zonse ziwiri kuchokera pa bowo la sikuluwu, chifukwa amagulitsa ndi manambala monga 35/35 kapena 40/50, ndipo kakatalika kwambiri kamatulukira kunja, akuba n'kukathyola mosavuta. Kakale kaja kasungeni pamodzi ndi makiyi ake onse, mudzakabwezeretse musanatuluke. Khomo lalikulu la nyumba yonse, lolowera anthu a mafulati ena, musalikhudze.

Mukasintha, udindo wotsegulira okonza ndi wanu. Woyeza gasi amayenera kubwera miyezi 12 iliyonse, ndipo ameneyo musam'bweze. Pakaphulika paipi inu kulibe iwo n'kuthyola chitseko, mtengo wake ungagwere inu. Ine ndingati loko ikhale njira yachiwiri, imelo ikalephera.

Kodandaula kulipo. Kuyambira 2014 ejenti aliyense ku England amayenera kukhala membala wa bungwe loweruza madandaulo okhudza ma ejenti, The Property Ombudsman kapena Property Redress, ndipo amene sali membala khonsolo itha kum'lipitsa mpaka £5,000. Onani pa webusaiti yawo kapena pa zenera la ofesi kuti ali kuti. Muyambe mwadandaula kwa iwo eni mwa kalata. Akakupatsani yankho lomaliza losakukhutiritsani, kapena pakatha milungu 8 osakonza kanthu, mupite nazo kumeneko. Mudzakhala mutasamuka kale, koma dandaulo silifa chifukwa chosamuka. Chofunika changu pitani nacho ku khonsolo, ku ofesi yoona za nyumba za lendi, chifukwa ndi iwo amatsata milandu ya pansi pa lamulo la 1977 lija. Apolisi kawirikawiri amati si nkhani yawo pokhapokha wina akukuopsezani. Mabungwe othandiza anthu a Shelter ndi Citizens Advice amapereka uphungu waulere. Konseku adzafuna umboni, ndiye lembani tsiku, nthawi ndi amene analowa, ndipo mauthenga musafufute.

Lendi musasiye kulipira pofuna kubwezera. Pamenepo wolakwa amasanduka inu.

Dipoziti yanu iyenera kukhala yotetezedwa ku limodzi mwa mabungwe oteteza madipoziti, Deposit Protection Service, mydeposits kapena Tenancy Deposit Scheme, ndipo akafuna kudula inu mutakana, woweruza wa kumeneko amafuna landilodi aonetse umboni wa ndalama zimene wataya. Chindapusa chongoti munakana alendo palibe. Tenant Fees Act 2019 inaletsa zolipiritsa zamtundu umenewo.

Zithunzi zili ngati kuonetsa nyumba komwe: popanda chilolezo chanu sangalowe kudzajambula. Auzeni agwiritse ntchito zimene anajambula inu musanalowe, amakhala nazo. Mukavomera, chotsani zithunzi za abale, makalata okhala ndi dzina lanu ndi zinthu zodula, ndipo mupemphe kuziona asanaziike pa mawebusaiti otsatsira nyumba monga Rightmove kapena Zoopla.

aMbewe

Kwa ena owerenga: zonsezi n'za munthu wochita lendi fulati kapena nyumba yonse ku England. Ngati mukulipira chipinda chokha m'nyumba yokhala anthu angapo, ufulu wokaniza umathera pa chitseko cha chipinda chanu, kukhitchini ndi m'khonde landilodi atha kufikako. Wokhala nyumba imodzi ndi mwini wake ali ndi chitetezo chochepa kwambiri. Ku Wales amatsata Renting Homes (Wales) Act 2016, pamene ku Scotland, pa lendi za masiku ano, notisi yolowera kudzakonza kapena kudzayendera nyumba ndi maola 48.

Mayi NaZimba, ngati mukufuna kusamuka tsiku lisanakwane, makiyi musangowasiya ku ofesi. Mugwirizane molemba kuti lendi ikutha tsiku mwapereka makiyilo, apo ayi muzilipirabe masiku otsalawo iwo akuonetsa nyumba mwaufulu.