Mbale ya Dennis Brain ikukhadzula mawu kumapeto, ndithandizeni

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi mbale ya galamafoni ya ma concerto 4 a lipenga la horn a Mozart, woimba Dennis Brain ndi Philharmonia Orchestra motsogozedwa ndi Karajan, yojambulidwa ku London mu 1953. Ndi ya kampani ya Columbia, nambala 33CX 1140, ya mono (mawu onse ali mu channel imodzi). Ndikufuna kuisamutsira pa kompyuta kudzera mu pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity.

Vuto ndi lakuti singano ikamayandikira pakati, mbali zonse ziwiri, mawu okwera a lipenga amathetheka, pomwe a violin akumveka bwinobwino. Koyambirira kwa mbale kulibe vuto.

Ndaitsuka ndi madzi a distilled, ndaika singano yatsopano ya elliptical (ya nsonga yooneka ngati dzira), ndasintha kulemera kwake kuchoka pa magalamu 1.8 kufika pa 2.2, ndawongola cartridge (kachipangizo kogwira singano) ndi choyezera cha protractor. Kuphatikiza ma channel awiri kukhala mono kwachepetsa kuthetheka pang'ono chabe. Fyuluta yochotsa phokoso ndaisiya, chifukwa ikudya kufewa kwa mawu a Brain, komwe ndi chuma chonse cha mbaleyi.

Kodi singano ya conical (ya nsonga yobulungira) ya 1 mil (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi) ingathandize, kapena mizere yamkati inaperesedwa kale ndi singano yolemera? Ngati inatha, ndi CD iti yomwe sanachotsemo hiss (kaphokoso ka "sss") mopyola muyeso?