"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi": kodi amanenera ndani?

Kalembera:
Abale ndithandizeni, azakhali anga andiyalutsa pa gulu la banja. Titachoka ku chiliza cha agogo mwezi watha, akuluakulu anandipatsa ntchito yolemba mibadwo ya kwathu, uje anabala uje, poti ndine ndili ndi kompyuta. Ndinati ndione kaye mmene azungu amajambulira yawo, ndiye ndinakagwera m'banja lina la ku France lotchedwa Lusignan, la nthawi ya nkhondo za mtanda. Ntchito ya kwathu ija ikadali pomwepo, ine usiku uliwonse ndili ndi a Lusignan.

Kwawo kunali ku Poitou, kufupi ndi mzinda wa Poitiers. Eni mudzi pafupifupi onse dzina ndi Hugues, kuyambira woyamba mpaka wa nambala 13, moti ukangophethira wasokera. Amene anandikoka ndi Hugues VIII. Anapita kunkhondo kum'mawa, asilikali a Nur ad-Din, mtsogoleri wa Asilamu, anamugwira ku Harim, ku Syria, mu 1164, kwawo sanakupondenso. Ana ake awiri, Aimery ndi Guy, nawo anaoloka nyanja. Guy anakhala mfumu ya Jerusalem mu 1186, Aimery anavekedwa ufumu wa Cyprus mu 1197. Ine m'chisangalalo ndinalemba pa gulu kuti taonani, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pasanathe mphindi zisanu azakhali ayankha: "Iwe, mwambiwo sautero. Miyambi si miyala ya legeni yomangoponya." Basi, osafotokoza. Ndalakwa pati?

Nachisale wa ku Dedza:
Azakhali anuwo akunena zoona. Ine mwambiwu ndinaumva tsiku limene ndinkachoka pamudzi ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kupita kukakhala kwa amalume kuti ndikaphunzire sukulu. Ndinalira mpaka mamina. Agogo anandikhazika pamwendo, akumanga mtedza wokazinga pansonga ya chitenje changa, mfundo ziwiri kuti ndisataye, ndiye akuti, "Tonthola, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi." Amanenera mwana, mwana weniweni woti akaleredwe pakhomo pena. Osati zibambo zandevu zonyamula malupanga.

Chitsa:
Ayi mayi, pepani. Umenewu ndi mwambi wa mkamwini. Agogo anga ku Ntchisi ankaunena mnyamata akamanyamula mphasa ndi khasu kupita kwa mkazi. Dziwe loyamba ndi kwa mayi ake, lachiwiri ndi kuchikamwini. A Kalembera, tandiuzeni chinthu chimodzi chokha: Guy wanuyo ufumu anaupeza bwanji?

Kalembera:
Anakwatira Sibylla, mlongo wake wa mfumu Baldwin IV, pa Pasaka mu 1180. Ufumu unali wa kwa mkazi.

Chitsa:
Ndinanena ine! Mkamwini ameneyo. Nkhani yatha.

Nachisale wa ku Dedza:
Yatha bwanji? Ngati ndi choncho ndiye kuti a Kalembera sanalakwe, nanga azakhali awo anawadzudzuliranji?

Mdzukulu wa Msodzi:
Nonse mukukamba za ng'ona musanaionepo. Ine ndakulira m'mbali mwa Shire ku Chikwawa. Ng'ona yaikazi imakwirira mazira mumchenga, n'kumalondera pafupifupi miyezi itatu. Tiana tikayamba kulira pansi, imafukula, n'kutitengera kumadzi m'kamwa mwake, mano onse aja osatipweteka. Koma tikasinkhukako timabalalika, chifukwa ng'ona zikuluzikulu zimadya zazing'ono. Agogo anga aakazi ankaunena mwambiwu motsitsa mawu, munthu akachoka pamudzi chifukwa cha mkangano wa munda. Sikuti amapita kokasangalala ayi, dziwe lamuchepera, akatsala adyedwa. Ndiye funso n'lakuti anyamata a ku France aja anachoka okha kapena anachita kuthawa?

Kalembera:
Apa mwandigwira. Mu 1168 a Lusignan anagalukira mfumu Henry II ya England, amene ankalamuliranso dera lawo kudzera mwa mkazi wake Eleanor. Chaka chomwecho anabisalira anthu a mfumu panjira n'kupha Patrick wa ku Salisbury. Mnyamata wina amene anali naye, William Marshal, mwana wa mlongo wake wa Patrick, anavulazidwa n'kugwidwa, anachita kumuombola ndi Eleanor. Kuchokera apo pamudzi panawatenthera. Komanso malo ndi nyumba ya malinga zinali za mzere wa mkulu wawo Hugues, ang'onowa analibe pogwira penipeni. Ndiye mwina kuthawa ndi kufuna zonse zinalipo.

Chitsa:
Kuthawa kapena kusathawa, anakathera kwa mkazi. Mkamwini.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. A Kalembera, mwalemba kuti "mwana wa mlongo wake wa Patrick", mawu asanu, pamene Chichewa chili ndi liwu limodzi: muphwa. William Marshal anali muphwa wa Patrick. Ndipo m'nkhani yanu yomweyi muli muphwa wina wofunika kwambiri amene mwamudumpha. Baldwin IV anali wakhate, sanakwatire, analibe mwana. Mlongo wake Sibylla anali ndi mwana wamwamuna kwa mwamuna wake woyamba, William wa ku Montferrat, amene anamwalira mu 1177. Mfumu itaona kuti mlamu wake Guy sakuigwira mtima, inaveka ufumu kamwana kaja mu 1183 iyo ikadali moyo, n'kukhala Baldwin V. Mchewa aliyense wa kumudzi zimenezi sangadabwe nazo. Dzina limalowedwa ndi muphwa, osati mlamu. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anatero chifukwa mfumu inalibe mwana, pamene kwathu ngakhale mfumu ikhale ndi ana khumi, maso amaloza kwa alongo ake.

Baldwin IV anamwalira mu 1185, kamwanako kanatsatira mu 1186, ndipo mpamene Sibylla anatenga chisoti n'kumuveka mwamuna wake ndi manja ake. Za mwambiwo ine ndili kwa a Nachisale, koma ndikuwonjezera: si kuleredwa kokha, ndi nzeru. Amayi anga ankati mwana wokulira pakhomo pamodzi amayesa ndiwo za amake ndizo zokoma dziko lonse.

Mfana wa pa Joni:
Madala, muphwa ndiye chani? Ine ndimadziwa mphwanga basi. Koma mwambiwo ndi wathu ife tili kunja kuno, masteni anandiuza womwewo pokwera basi ya ku Johannesburg.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwaona? Izi ndi zimene ndimanena. "Madala", "masteni". Mayi wako anakusenza miyezi isanu ndi inayi kuti uzimutcha masteni?

Nachisale wa ku Dedza:
Aphunzitsi musayambe n'komwe, mutu ungakupwetekeni. Adzukulu anga aliyense ndi ankolo. Mchimwene wanga ankolo, mng'ono wa bambo awo ankolo, wogulitsa makala ankolo. Tsiku lina ndinafunsa kamtsikana kuti atsibweni ako ndani, kanandiyang'ana ngati ndatukwana. Nanga tsiku la chinkhoswe adzatuma ankolo ake ati? Bambo aang'ono ndi bambo, malume ndi mwini mbumba, zinthu ziwiri zosiyana. Msuweni anasanduka khazeni, ndiye pano ana a munthu ndi mng'ono wake akutchulana makhazeni, pamene amenewo ndi pachibale penipeni, mimba imodzi tingati.

Mfana wa pa Joni:
Zili bho amayi, tamva. Koma inunso simunatiphunzitse. Tinkati tikafunsa mumati zaakulu.

Kalembera:
Zimenezi zandivutanso polemba mibadwo ya kwathu. Pulogalamu imene ndikugwiritsa ntchito imatsata bambo, bambo, bambo. Ndikaika agogo aakazi pamwamba, mtengo wonse umapendekeka. Koma tibwerere ku mwambi, chonde.

Chitsa:
Tibwerere ndithu, ndipo ndikufunseninso. Mkazi uja atamwalira, Guy zinamuthera bwanji?

Kalembera:
Zinayamba kuipa mkazi akadali moyo. Mu 1187 Saladin, mfumu ya Asilamu, anazinga mzinda wa Tiberias. Guy anali ndi gulu lake lonse la nkhondo pa akasupe a ku Sephoria, pamalo pabwino pa madzi. Ena anamulangiza kuti asasunthe, iye anamvera ena, n'kuyendetsa anthu padzuwa la July m'dziko louma. Pa 4 July ku Hattin anagonja, anthu atalefuka ndi ludzu, iye n'kugwidwa. Jerusalem anagwa pa 2 October chaka chomwecho. Atamasulidwa anakazinga mzinda wa Acre mu 1189, ndipo mumsasa momwemo mu 1190 matenda anatenga Sibylla pamodzi ndi ana awo aakazi awiri. Akuluakulu a dzikolo anati ufumu wapita kwa Isabella, mng'ono wake wa Sibylla wa kwa mayi ena. Guy anakakamira dzina kwa kanthawi, koma mu 1192 anapatsidwa chilumba cha Cyprus kudzera mwa mfumu Richard ya England, n'kumwalira komweko mu 1194.

Chitsa:
Anamusudzula! Abale, mukufunanso umboni wanji? Mkazi wamwalira, ana amwalira, eni mbumba akuti bambo zikomo, nyamulani mphasa yanu. Ndi zimene zinawachitikira amalume anga enieni, zaka makumi awiri akulima munda wa eni, anabwerako ndi khasu ndi wailesi. Agogo powalandira anati chiyani? Mwambi womwewu.

Mdzukulu wa Msodzi:
Ine chandiseketsa n'china. Munthu wasiya akasupe n'kupita kukafa ludzu pamtunda, inu n'kumati mwana wa ng'ona? Ng'ona mphamvu zake zili m'madzi. Ameneyo anali mwana wa nkhuku. Mwina n'chifukwa chake azakhali anakana.

Nachisale wa ku Dedza:
A Chitsa, agogo anu ankanena mwambi umodzi wokhawu pa chilichonse? Popita mwambi womwewo, pobwera womwewo.

Chitsa:
Popita ndi pobwera onse ndi maiwe, mayi.

Mphunzitsi Wopuma:
Kanthu kena kakang'ono. Ena mukulemba "dziwe limodzi", koma ndamvapo ana a masiku ano akuti "sakulira mu dziwe imodzi". Imodzi! Dziwe limodzi, maiwe awiri. Pa wailesi pomwe anthu akumati "anthu zikwi ziwiri anafika pa malo iyi". Tikangolekerera, mwambi udzatsala mafupa okhaokha.

A Kalembera, ngati mukufuna mwana wa ng'ona m'banja limeneli, musiyeni Guy. Tengani ana a Hugues X. Mayi wawo Isabella wa ku Angoulême anali atatomeredwa ndi Hugues IX, mfumu John ya England n'kumulanda mu 1200. John atamwalira, mayiyo anabwerera kwawo n'kukwatiwa mu 1220 ndi mwana wa bambo anamutomera uja. Ana a ukwati umenewo anapita ku England mu 1247 kukakhala kwa mkulu wawo wa mimba imodzi, mfumu Henry III. William de Valence anapatsidwa mkazi wachuma ndi malo a ku Pembroke, Aymer anasankhidwa kukhala bishopu wa Winchester. Amenewo ndiye anatumizidwa kwa achibale akadali anyamata, monga a Nachisale ndi mtedza wawo. Kungoti anadya mopitirira, eni dziko anawapirikitsa mu 1258.

Kalembera:
Aphunzitsi, mayi ameneyu ndiye wa zibwenzi zosokoneza, ndinajambula mizere mpaka pepala linang'ambika. Koma pali china chimene ndapeza chimene chiwakondweretse a Nachisale. Ku Cyprus mzere wa amuna wa Aimery unatha mu 1267, Hugues II atamwalira ali mnyamata. Amene analowa, Hugues III, bambo ake anali a banja la ku Antioch, mayi ake ndiwo anali a Lusignan. Iye anatenga dzina la kwa mayi ake, ndipo mafumu onse otsatira anapitiriza kutchedwa Lusignan mpaka chilumbacho chinapita m'manja mwa Venice mu 1489. Pamene kumudzi kwenikweni ku Poitou, Hugues XIII anamwalira wopanda mwana mu 1303, malo n'kutengedwa ndi mfumu ya France pasanapite zaka zambiri. Dziwe loyamba linaphwa, la kutali n'kukhala ndi madzi zaka zina pafupifupi mazana awiri.

Ndipo musaseke: banjali linkanenedwa kuti linachokera kwa mkazi wa m'madzi, Mélusine, amene Loweruka lililonse ankasanduka njoka kuyambira m'chiuno kutsika, mpaka mwamuna wake anamusuzumira akusamba. Ndiye za ng'onazi sindinapite patali kwambiri.

Mfana wa pa Joni:
Aise, ndiye kuti anali ana a Napolo amenewo.

Mphunzitsi Wopuma:
"Aise" ukunena ndani?

Chitsa:
Bambo a Hugues III aja, a ku Antioch, ana atenga dzina la kwa mkazi, ufumu wa kwa mkazi. Mukuwatcha chiyani bambo amenewo? Ndikudikira.

Nachisale wa ku Dedza:
Inu a Chitsa mukadzamwalira tidzalemba "mkamwini" pachiliza.

Kalembera:
Ndawaimbira azakhali madzulo ano kuti andiuze okha. Ndinawapeza ali kuchigayo, phokoso lokhalokha. Ndinawawerengera maganizo onse, a mwana woleredwa kwa amalume, a kuthawa, a nzeru, ngakhale a mkamwini. Anaseka, akuti onsewo ndi ana. Kenaka akuti, "Kodi mibadwo tinakutuma ija wafika nayo pati? Ukudziwa agogo a azungu khumi ndi atatu, amake a agogo ako dzina lawo ndani?" Ndinati netiweki ikuvuta.

Mdzukulu wa Msodzi:
Ndiye tanthauzo sananene?

Kalembera:
Akuti ndipite ndekha kumudzi pa Khirisimasi, ndi shuga.

Chitsa:
Mukawafunse bwinobwino. Muyambe ndi kufunsa kuti amuna awo kwawo kunali kuti.